Mwana wa Ng'ona Sakulira Dziwe Limodzi

Akuluakulu amene ananena kuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi ankalangiza anthu, koma zimene ananenazo anaziona ndi maso pa ng'ona yeniyeniyo. M'mphepete mwa mitsinje ya Bua ndi Dwangwa, komanso m'magombe a ku Chia, ng'ona yaikazi imakumba dzenje mumchenga nthawi ya chilimwe n'kuikiramo mazira 40 kapena 50, mwina kuposerapo. Imakwirira bwinobwino n'kugona pafupi ndi dzenjelo kwa miyezi itatu, kulondera ng'azi imene imabwera kudzafukula. Nthawi ikakwana, ana amayamba kulira ali m'kati mwa mazira. Mayi akamva kulirako amafukula mchenga, n'kutola anawo ndi kamwa lomwe lija limathyola mwendo wa ng'ombe, kupita nawo pamadzi osaya. Kamwana kalikonse kamakhala kotalika masentimita 30 okha.

Kwa masabata angapo tianato timakhala pamodzi m'bango, mayi ali pafupi. Kenako chisamaliro chimatha. Tambiri sitimaliza n'chaka chomwe: tina timamezedwa ndi milamba, tina timatengedwa ndi nkhwazi, tina ndi ng'azi. Totsalato timabisala m'madambo ndi m'timakhwawa, kudya tizilombo, achule ndi tinsomba. Katswiri wina, Jonathan Hutton, anatsatira ng'ona za m'damu la Ngezi ku Zimbabwe m'zaka za m'ma 1980, ndipo anapeza kuti zikatalika kufika mita imodzi ndi masentimita 20 zimachoka kumene zinaswedwa n'kukafuna kwina. Msinkhu umenewu ndi wovuta. Zakula moti ng'ona zoswa sizizifunanso pafupi, koma sizinafike pokanganirana dziwe ndi ng'ona zikuluzikulu, zimene sizichita manyazi kudya zinzake. Choncho ng'ona imene mlimi waipeza mwadzidzidzi m'ngalande ya mpunga, pamalo pamene sipanaonekepo ng'ona ndi kale lonse, ikhoza kukhala yoteroyo: ili paulendo wofuna pokhala.

Nyama zambiri zimayenda ulendo umenewu kamodzi kokha pa moyo wawo, ndipo zambiri zimafera panjira. Imene yapulumuka n'kupeza malo ndiyo idzabereke. Funso la nkhani ino ndi lakuti: kanyama kamene dziko sikanalionepo, ndipo palibe wokauza njira, kamadziwa bwanji kuti pano ndiye poima?

Tisanafike pamenepo, tione chimene chimakachotsa kwawo, poti kwawoko n'kumene kamadziwa pobisala ndi podya. Choyamba ndi njala. Dziwe limene likudyetsa mayi silingadyetse mayi ndi ana ake onse atakula. Nthawi zina makolo enieniwo ndiwo amathamangitsa, monga imachitira mvuu yamphongo ikaona kuti mwana wamwamuna wayamba kudzimva. Koma pali chifukwa china chozama, chimene chimagwira ntchito ngakhale chakudya chili mbwee: kupewa kuberekana pachibale. Ana obadwa pakati pa achibale enieni amakhala ofooka ndi osachedwa kudwala, ndipo mtundu umene umachita zimenezi kwa mibadwo yambiri umazilala. Ndiye m'banja lililonse la nyama wina ayenera kuchoka.

Amachoka ndani, amatsala ndani

M'chaka cha 1980, katswiri wa ku Britain dzina lake Paul Greenwood anasonkhanitsa zimene anthu anali atapeza pa mitundu yambiri ya nyama, ndipo anaona chinthu chimene Mchewa sangavutike kuchimvetsa. Nyama zoyamwitsa zambiri zimatsata chikamwini: ana aakazi amatsala pamudzi pa mayi wawo, aamuna ndiwo amanyamuka kukalowa kwa eni. Mbalame zambiri zimatsata chitengwa: yamphongo imagwira malo pafupi ndi pamene inaswedwa, yaikazi ndiyo imachokera kutali.

Anyani amene amakhala m'mbali mwa msewu wochokera ku Nkhotakota kupita ku Kasungu, umene umadutsa m'nkhalango yosungirako nyama, ali m'gulu loyambalo. Anyani aakazi a m'gulu limodzi amakhala m'mbumba zawo: agogo, ana awo ndi zidzukulu. Wamwamuna akakhwima amayamba kukhalira kumphepete, maso ali pa magulu ena amene amakumana nawo pomwera madzi. Tsiku lina amangotsala osabwerera ndi anzake. Kumene wapitako salandiridwa ndi manja awiri. Amalumidwa, amagona payekha, ndipo nthawi zambiri amene amamutsegulira khomo ndi nyani wamkazi mmodzi amene wamulola kukhala pafupi ndi kumutosa nsabwe.

Za afisi zinafufuzidwa mozama ku Ngorongoro m'dziko la Tanzania. Oliver Höner ndi anzake anasindikiza zimene anapeza mu 2007. Fisi wamkazi sakonda kukwerana ndi wamwamuna amene anamupeza kale m'gulu pamene iye ankabadwa, ndipo mwa njira imeneyi amapewa bambo ake ndi alongo ake aakulu ngakhale sawadziwa. Pachifukwachi fisi wamwamuna amasankha gulu limene lili ndi akazi achitsikana ambiri, ndipo amene asankha chotere ndiwo amabereka ana ochuluka. Asanasamukiretu amayamba wazonda magulu oyandikana nawo, kupita ndi kubwerera. Apa tikuona kuti kusamukaku si kungothawa chothawa. Nyama imayang'ana, imayerekeza, kenako n'kusankha.

Njovu zimene zinabwera pagalimoto

Njovu ndiyo imaonetsa zimenezi poyera. Banja la njovu limatsogoleredwa ndi yaikazi yaikulu, imene imakumbukira kumene kuli madzi chaka cha chilala ndi njira zimene kuli anthu oopsa. Ana aakazi amakhala naye mpaka imfa. Aamuna amachoka. Ku Amboseli m'dziko la Kenya, kumene Cynthia Moss anayamba kutsatira njovu imodziimodzi mu 1972, anapeza kuti yamphongo imasiyana ndi banja ikafika zaka 14 kapena chapompo. Sichoka tsiku limodzi. Imayamba kutsalira m'mbuyo, kugona kwina usiku umodzi, kubwerera, kuchokanso kwa sabata, mpaka banjalo kuliiwala. Ikatero imadziphatika kwa zimphongo zikuluzikulu n'kumazitsata. Kafukufuku wa ku Makgadikgadi m'dziko la Botswana, wofalitsidwa mu 2020, anaonetsa kuti njovu zamphongo zikamayenda pamzere, zokalamba ndizo kawirikawiri zimakhala patsogolo. Mnyamata wa njovu amaphunzira dziko poponda m'mapazi a akulu.

Nkhalango ya Nkhotakota, yomwe ndi yaikulu masikweya kilomita pafupifupi 1,800, inali ndi njovu zoposa 1,500 m'mbuyomu. Pofika mu 2015, pamene bungwe la African Parks linayamba kuiyang'anira mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, zinali zosakwana 100. Zinatha ndi mfuti za ofuna minyanga ndi misampha ya waya. Nthawi yomweyo ku Liwonde ndi ku Majete njovu zinali zitachuluka kuposa malo. Kalekale vuto lotere likanatha lokha: zochulukazo zikanayenda pansi, m'badwo ndi m'badwo, mpaka kudzaza nkhalango yopanda eni. Koma pakati pa Liwonde ndi Nkhotakota lero pali minda, midzi, misika ndi misewu ya phula. Njovu singadutsemo yamoyo, ndipo ikayesa, anthu ndiwo amalira.

Choncho mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinagonekedwa ndi mankhwala obaya kuchokera mu helikoputala, kukwezedwa ndi makina onyamulira katundu, n'kuyenda makilomita mazanamazana m'magalimoto akuluakulu kupita ku Nkhotakota. Pamodzi nazo panabweranso njati, mphalapala, mbidzi ndi nyama zina. Chimene chikutikhudza pano ndi momwe anazisankhira. Sankangotola iliyonse imene yaoneka. Ankagoneka banja lonse nthawi imodzi, kuyambira mtsogoleri mpaka kamwana koyamwa, kuti likadzuke pamodzi ndi kutsikira pamodzi kumalo achilendo. Anasamutsanso zamphongo zikuluzikulu. Zitafika, anayamba wazisunga m'chigawo chotchingidwa ndi mpanda wamagetsi m'kati mwa nkhalangoyo kuti zizolowere, chifukwa njovu yosamutsidwa nthawi zina imayesa kubwerera kwawo.

Nzeru imeneyi inagulidwa ndi mtengo wowawa kwina. M'zaka za m'ma 1980, ana a njovu amasiye ochokera kunkhalango ya Kruger anawapititsa kunkhalango ya Pilanesberg, m'dziko lomwelo la South Africa, popanda wamkulu ndi mmodzi yemwe. Amphongowo atakula anayamba ukali wofuna zazikazi msinkhu usanakwane, ndipo pakati pa 1992 ndi 1997 anapha zipembere zoposa 40. Mu 1998 anabweretsako zimphongo zisanu ndi imodzi zikuluzikulu, ndipo kupha zipembere kunatha. Malo analipo, udzu unalipo, madzi analipo. Chimene chinkasowa ndi akulu.

Mpanda umene wazungulira nkhalango ya Nkhotakota ndi wofunika, ndipo amene anagonapo m'munda kulondera chinangwa sangatsutse. Zimene zinachitika ku Kasungu, kumene njovu 263 zinapititsidwa mu 2022 ndipo midzi ya mbali zonse ziwiri za malire a Malawi ndi Zambia inadandaula za mbewu zoonongeka ndi anthu ophedwa, zikuonetsa chimene chimachitika njovu zikafika mpanda usanathe. Komabe tisadzinamize. Mpanda womwewo ukutanthauza kuti mwana wa njovu wobadwira m'mphepete mwa Bua lero, akadzafika zaka zake 14, ulendo wake udzathera pa waya. Ntchito imene miyendo yake inkagwira, yosakaniza magazi a nkhalango ina ndi inzake, tsopano ili m'manja mwa anthu, ndipo iyenera kuchitika m'badwo uliwonse, ndi ndalama zambiri. Tikadzatopa nayo, njovu zathu zidzayamba kuberekana pachibale m'makola aakulu.

Miyala ya kwawo

Tibwerere ku funso lija la momwe kanyama kamadziwira poima. Yankho loyamba ndi lakuti kamafuna malo ofanana ndi kumene kanakulira. Judy Stamps wa ku California ndi anzake analemba zambiri pa nkhaniyi kuyambira mu 2004. Pa kafukufuku wina anatsatira mbewa za kumeneko zokhala pamalire a nkhalango ndi tchire lazitsamba. Zonse zinali ndi mwayi wopita uku kapena uko, koma zobadwira m'nkhalango zambiri zinakakhazikika m'nkhalango, zobadwira m'zitsamba zinasankha zitsamba. Nzeru yake ndi yosavuta: ngati malo otere anandilera mpaka kukula, ndiye kuti ndi abwino, ndipo ndikudziwa kale kudya ndi kubisala m'menemo.

M'nyanja yathu muli nsomba zimene khalidweli linafika nazo patali kuposa nyama ina iliyonse imene ndikuidziwa. Mbuna, tinsomba tamawangamawanga tokhala m'miyala, timadya ndere zomera pamatanthwe ndipo timabisala m'ming'alu. Mayi amasunga mazira m'kamwa kwa masabata atatu kapena kuposerapo, osadya, kenako amalavulira ana m'kamng'alu. Kamwanako kamakulira pomwepo. Kuti kapite ku miyala ina, kayenera kudutsa pamchenga poyera kapena pamadzi akuya, pamene mcheni ndi kampango akudikira. Tambiri sitiyesa n'komwe. Ofufuza amene anayeza chibadwa cha mbuna za ku Nkhata Bay m'zaka za m'ma 1990 anapeza kuti gombe la mchenga losakwana kilomita imodzi ndi lokwanira kulekanitsa nsomba za mtundu umodzi, za tsidya lino n'kukhala zosiyana ndi za tsidya linalo.

Tsono taganizani za gombe la Nkhotakota. Kuchokera ku Benga, kudutsa Chia ndi paboma, mpaka ku Dwangwa, mbali yaikulu ndi mchenga, bango ndi mathiriro a mitsinje. Kwa msodzi wa khoka amenewa ndi malo abwino. Kwa mbuna ndi chipululu chosadutsika chimene chinalekanitsa miyala ya kumpoto ndi ya kumwera. N'chifukwa chake chilumba ngati Mbenji, chimene chili pakati pa madzi kufupi ndi malire a Salima ndi Nkhotakota, chili ndi mbuna zakezake. Tony Ribbink ndi anzake, amene anasambira pansi pa madzi kuzungulira miyala ya nyanjayi n'kusindikiza zimene anaona mu 1983, anapeza mitundu ya mbuna pafupifupi 200, yambiri mwa iyo yopezeka pachilumba chimodzi kapena pagombe limodzi basi. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake ndi ana amene amakana kuchoka pa miyala ya amayi awo. Kuipa kwake n'koti miyala ya malo amodzi ikakwiririka ndi matope, mtundu wonse umatha, chifukwa kulibe kwina kumene unasungidwa.

Yankho lachiwiri ndi lakuti kanyama kamayang'ana anzake. Pachilumba cha Gotland ku Sweden, ofufuza anachotsa anapiye a timbalame tina todya ntchentche m'zisa za m'nkhalango ina n'kukawaika m'zisa za m'nkhalango ina, kuti kwina kuoneke ngati kukuswana bwino. Chaka chotsatira, mbalame zofuna malo zinakhamukira kumene zinaona anapiye ambiri. Zinali zitayendera zisa za eni n'kusunga mumtima. Ku Maine m'dziko la America, Stephen Kress anafuna kubwezera mbalame za m'nyanja zotchedwa puffin pachilumba chimene zinatha kalekale. Analererapo anapiye, koma atakula sankabwerera kudzamanga, kufikira ataimikapo mbalame zosema zamatabwa. Mu 1981 zenizeni zinayambanso kuswa pachilumbapo. Malo opanda anzako amaoneka okayikitsa ngakhale ali abwino, ndipo ichi n'chifukwa chake nyama ikatheratu pamalo, kubwerera kwake kumavuta kuposa momwe timaganizira.

Nkhwazi, mbalame imene ili pamwamba pa chidindo cha dziko lathu, vuto lake ndi lina. Anzake imawaona ndi kuwamva, koma malo onse abwino ali ndi eni. Nkhwazi ziwiri zikagwira chigawo cha gombe zimachiteteza chaka chonse, ndipo kulira kuja kumene timakukonda ndi chenjezo kwa zinzake. Mwana amauluka ali ndi miyezi iwiri ndi theka, amadyetsedwabe kwa miyezi ingapo, kenako amachoka. Sakhala ndi mutu woyera ngati makolo ake. Ndi wabulauni, wamathothomathotho, moti ambiri akamuona amayesa mbalame ina. Amatha zaka zinayi kapena zisanu akuyendayenda, kudya nsomba zakufa ndi zolanda, m'malo amene zazikulu sizikuwafuna. Kuti akhazikike pafunika zinthu ziwiri: gombe limene mwini wake wafa, ndi mtengo wautali wolimba woti n'kunyamula chisa chachikulu. Mkuyu uliwonse wa m'mphepete mwa nyanja umene wagwetsedwa kuti usemedwe bwato kapena uwambire nsomba wachotsa malo a banja limodzi la nkhwazi.

Kasawala

Si ana onse amene amasankha. Usipa umangotaya mazira pamadzi, ndipo tiana take timatengeka ndi mafunde ndi mphepo, kaya ndi mwera kaya ndi mpoto, mpaka titakula mokwanira kusambira tokha. Chaka china timagwera pa chakudya chambiri ndipo zilimira zimadzaza, chaka china ayi. Kampango ali kumapeto enawo. Bambo ndi mayi amalondera ana pachisa kwa miyezi iwiri kapena kuposerapo, mayi akuwaikira mazira osaswa kuti adye, ndipo nsomba zina zing'onozing'ono zimabwera kudzasiya ana awo pakati pa ana a kampango kuti alonderedwe nawo.

Chambo chili pakati, ndipo nkhani yake ndi imene iyenera kutisowetsa tulo. Nthawi yoswana ikafika, chachimuna chimasintha mtundu, n'kukonza bwalo lozungulira pamchenga pansi pa madzi. Chachikazi chimabwera, kuikira mazira, n'kuwatola m'kamwa nthawi yomweyo. Chikatero chimachoka pabwalopo. Mazira amaswera m'kamwa, ndipo mayi amasambira nawo kupita kugombe, kumadzi osaya, ofunda, a bango ndi udzu. Kumeneko amalavula ana kuti adye. Mukaima phee m'madzi ofika m'mawondo m'mawa nyanja itadekha, mutha kuona kamtambo kakuda ka tinsomba kakuyandama pamwamba pa mchenga, nsomba yaikulu ili pambali. Mthunzi ukangodutsa, tonse timathamangira kukamwa kwa mayi, ndipo m'kanthawi kochepa kamtambo kaja kazimirira. Patapita masabata, mayi amabwerera kwakuya, ana n'kutsala okha.

Ana amenewa ndiwo kasawala. Malo awo oyamba anawasankhira ndi mayi, ndipo malo otsatira amasankha okha pang'onopang'ono: akamakula amasunthira kumadzi akuya pang'ono, kenako akuya kwambiri, mpaka atalowa m'magulu a chambo chachikulu patapita zaka ziwiri kapena zitatu. Rosemary Lowe, amene anafufuza chambo m'nyanja ino kuyambira 1945 mpaka 1947, anafotokoza kale za makwerero amenewa. Mwana wa chambo sangalumphe sitepe yoyamba. Kwakuya kuli mcheni, kampango ndi bombe. Chitetezo chake ndi kusaya kwa madzi ndi kuthithikana kwa bango. Chia, nyanja yaing'ono imene imalumikizana ndi yaikulu kudzera pa kamtsinje kamene msewu wa M5 umawoloka, ndi amodzi mwa malo otere, pamodzi ndi mathiriro a Bua, Kaombe ndi Dwangwa.

Apa ndi pamene nzeru yachibadwa imasanduka msampha. Kwa zaka zikwizikwi, madzi osaya ndi ofunda ankatanthauza mtendere, ndipo chambo chimakhulupirirabe zimenezo. Sichidziwa kuti bango linadulidwa kuti khoka lizikokeka bwino kapena kuti pamangidwe malo ogona alendo. Sichidziwa za neti ya udzudzu imene inaperekedwa kuchipatala kuti iteteze mwana ku malungo, koma yasokeredwa kuthumba la khoka. Maso a neti imeneyi satulutsa kanthu. Imakokolola kasawala wochepa ngati chala, ndi mayi amene ali ndi ana m'kamwa, amene amawalavulira pamchenga akamafa. Chaka chamawa chambo chotsala chidzabweranso pagombe lomwelo, chifukwa chizindikiro chimene chimatsata sichinasinthe. Mu 2018 bungwe la IUCN, limene limalemba mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi, linaika mitundu itatu ya chambo m'gulu la zotsala pang'ono kutheratu.

Sindikunena izi ngati wosadziwa chimene chimapititsa mayi kugombe ndi neti ya udzudzu. Ndiwo zikasowa, mwana sadya malamulo. Koma mbale ya kasawala imene yadyedwa usiku umodzi ikanakhala madengu a chambo patapita zaka zitatu, ndipo amene amaluza kwambiri ndi banja lomwelo. Eni makoka akuluakulu amene amadziwa bwino zimenezi, koma n'kumasokerabe neti kuthumba, alibe chowiringula.

Mtsinje wa Bua

Mpasa imayenda ulendo wosiyana ndi wa chambo. Yaikulu imakhala pakati pa nyanja, kusaka usipa, ndipo imatha kulemera makilogalamu anayi. Mvula ikagwa mitsinje n'kudzaza, imasonkhana pamathiriro n'kuyamba kukwera. Imafuna madzi oyera, othamanga, osaya, oyenda pa nsangalabwi. Mazira amagwera m'mipata ya timiyalato, mmene madzi amapitamo ndi mpweya. Ana amakhala mumtsinje kwa miyezi, kudya tizilombo, ndipo akalimba amatsikira kunyanja kumene sanakuonepo, kukayamba moyo wina. Kumaiko ozizira kuli nsomba ya salmon imene imachita chimodzimodzi, ndipo Arthur Hasler wa ku Wisconsin anaonetsa m'zaka za m'ma 1950 kuti imasunga fungo la mtsinje umene inaswedwera n'kudzautsata ikakula.

Mitsinje yambiri imene mpasa inkakwera inaonongeka. Bua ndi umodzi mwa yochepa imene yatsala, ndipo chifukwa chake n'choonekeratu: chigawo chake chakumunsi chimadutsa m'nkhalango yotetezedwa, mmene mitengo ya m'mbali mwa mtsinje ikadalipo. Koma Bua sayambira m'nkhalangomo. Amachokera ku Mchinji n'kudutsa m'zigwa za fodya ndi chimanga za chigawo chapakati. Dothi lililonse lokokoloka m'munda wolimidwa mpaka m'madzi limatsika naye, n'kukatseka mipata ya nsangalabwi, mazira n'kubanika. Kumunsi, pakati pa mpanda wa nkhalango ndi nyanja, nsomba yodzaza mazira imakumana ndi matchera otchinga mtsinje wonse, mabiyo a miono, ndi katupe amene amapha chachikulu ndi chaching'ono chomwe. Ntchila, imene inali nsomba yaikulu ya malonda m'zaka za m'ma 1950 ndipo nayo inkaswera m'mitsinje, inachepa kwambiri mwa njira yomweyi. Achinyamata ambiri a kunyanja lero sanaionepo.

Njovu tinazinyamula pagalimoto chifukwa ndi zowerengeka ndipo dziko lonse lapansi limazidziwa. Mwana wa mpasa ndi kasawala palibe adzawanyamule. Chimene akufuna n'chotchipa kuposa helikoputala: njira yotseguka pamathiriro, bango losadulidwa, ndi miyezi ingapo ya bata. Malamulo alipo kale. Lamulo la zausodzi la 1997 linapatsa mphamvu makomiti a m'madooko, a BVC, kuti aziyang'anira usodzi pamodzi ndi boma. Makoka a kugombe amatsekedwa mu Novembala ndi Disembala, chambo chosakwana masentimita 15 n'choletsedwa kugwira, ndipo mpasa iyenera kufika masentimita 30. Ku Mbenji, mafumu a kwa Makanjira akhala akutseka chilumba nyengo ya dzinja kuyambira m'zaka za m'ma 1950, popanda kudikira boma, ndipo asodzi amene amabwerera chikatsegulidwa amaona okha phindu lake.

Mafumu ndi makomiti a m'madooko a Nkhotakota angathe kuchita zomwezo pa Chia ndi pamathiriro a Bua: kupatula magawo a bango amene khoka silidzaponyedwamo, ndi kusiya pakati pa mtsinje potseguka mpasa ikamakwera. Nanunso amene mumaima pamsewu pa Chia kugula nsomba za ulendo, muli ndi mbali yanu. Akakuonetsani chambo chosakwana chikhatho, musagule, ndipo muwauze chifukwa chake.